Chimene chimagwetsa mango pansi n'chomwenso chimachedwetsa wotchi

Mwana wa mlongo wanga, amene ali Fomu 3, ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp usiku wina. Bambo wa m'kavidiyoko ankanena motsimikiza kuti mphamvu yokoka ya dziko ndi bodza la asayansi, ati mwala umagwa chifukwa choti ndi wolemera kuposa mpweya, basi. Pansi pake mnyamatayo analemba kuti: "Amalume, ndiye kuti aphunzitsi amatinamiza?"

Aphunzitsi sanamunamize. Komabe sindinafune kumuyankha ndi mawu awiri okha, chifukwa kuseri kwa kavidiyo kosokonezako kuli funso lenileni limene lakhala likusowetsa tulo anthu anzeru kwa zaka zoposa 300. Zinthu zimagwa, ndipo tikudziwa kuwerengera mmene zimagwera. Koma chimazigwetsacho n'chiyani?

Za kulemera kuposa mpweyazo tithane nazo msanga. Ngati nkhani ndi kulemera kokha, n'chifukwa chiyani mwala umasankha pansi, osati cham'mbali kapena kumwamba, kumene mpweya ndi wopepuka kwambiri? Pamwezi palibe mpweya, koma mu 1971 David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga, ndipo zinafika pansi nthawi imodzi. Kale kwambiri, mu 1798, Henry Cavendish anaonetsa ku London kuti mipira ya mtovu imakokana cham'mbali ili m'chipinda chotseka. Kukokako kulipo ndithu.

Isaac Newton analemba lamulo lake mu 1687. Zinthu ziwiri zilizonse zimakokana, ndipo mukazitalikitsa kawiri, kukokako kumachepa kanayi. Lamulo limodzi lomweli linafotokoza kugwa kwa chipatso, kuyenda kwa mwezi ndi kusefukira kwa nyanja zamchere. Chimene ana asukulu samauzidwa kawirikawiri n'choti mwiniwakeyo sanakhutire nalo. M'kalata yopita kwa Richard Bentley, Newton ananena kuti n'zopanda nzeru kuganiza kuti chinthu chingakoke chinzake chili kutali popanda kanthu pakati kopatsira mphamvuyo. Mu 1713 anavomera poyera kuti gwero la kukokako sanalipeze, ndipo sakufuna kulipeka.

Mpata umene anasiyawo ndi umene anthu akhala akuyesa kutseka mpaka lero.

Ganizo limene ine limandikoka mtima kwambiri, ngakhale linagwa, ndi la anthu awiri a ku Switzerland. Nicolas Fatio de Duillier, mnzake wa Newton, analitulutsa mu 1690, ndipo Georges-Louis Le Sage wa ku Geneva analitulukiranso mu 1748. Iwo anati palibe chimene chimakoka. Zinthu zimachita kukankhidwa.

Taganizani muli pa depoti ya mabasi tsiku la chikondwerero, anthu akukankhana kuchokera mbali zonse. Mukaima nokha, okankha kumanzere amafanana mphamvu ndi okankha kumanja, ndiye simusuntha. Koma pafupi nanu pakaima mnzanu, iye amakutchingani mbali yakeyo, inunso mumamutchinga mbali yanu. Pakati pa awirinu okankha amachepa, pamene kumbuyo kwanu akadali ambiri, ndipo posachedwa mumapezeka mwagundana. Woonera patali anganene kuti mwakokana, chonsecho palibe anakoka mnzake. Le Sage anati chilengedwe chonse n'chodzaza ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka, tothamanga mbali zonse, ndipo dziko ndi mwezi zimatchingirana tinthuto monga anthu awiri aja.

Ubwino wa ganizoli ndi woti lamulo la Newton limatuluka lokha. Mthunzi umene chinthu chimaponya pa chinzake umachepa kanayi mukachitalikitsa kawiri. Ndiponso kuti kukankhako kutsatire kuchuluka kwa zimene zili m'kati mwa chinthu, osati kukula kwa khungu lake lokha, Le Sage anayenera kunena kuti mwala, ngakhale dziko lenileni, ndi lamphako kwambiri moti tinthu tambiri timangodutsa osagunda kanthu. Zoti zinthu zolimba zili ndi mpata waukulu m'kati zinadzatsimikizika patapita zaka zoposa 150, atafufuza za atomu. Munthuyu sanali wongolota.

Chinaligwetsa ndi zinthu ziwiri. Choyamba amachidziwa aliyense amene anapalasapo njinga mvula ikugwa: madontho ambiri amakumenya kumaso kusiyana ndi kumsana. Dziko limathamanga makilomita pafupifupi 30 pa sekondi pozungulira dzuwa. Likanakhala likudutsa m'mvula ya tinthu totere, likanamenyedwa kwambiri kutsogolo, n'kuyamba kuchedwa, mapeto ake n'kugwera m'dzuwa. Chachiwiri ndi kutentha. Kuti mthunzi ukhalepo, tinthuto tiyenera kusiya mphamvu yake m'chimene tagunda, ndipo mphamvu yosiyidwayo imasanduka kutentha. James Clerk Maxwell mu 1875, kenako Henri Poincaré, atawerengera anapeza kuti dziko likanayaka n'kupserera m'kanthawi kochepa. Ganizoli limabwerabe pa intaneti m'mayina atsopano, koma mavuto awiriwa palibe anawathetsa.

Lamulo la Newton nalonso linali ndi kachilema kake. Mu 1859 Urbain Le Verrier anaona kuti njira ya pulaneti Mercury imasendera pang'ono kuposa mmene masamu ankanenera. Kusiyanako kunali kochepetsetsa, tigawo 43 pa zaka 100 zilizonse, pamene digiri imodzi ili ndi tigawo 3,600 totere. Ena anaganiza kuti pali pulaneti ina yobisika pafupi ndi dzuwa, mpaka anaipatsa dzina loti Vulcan, koma sinapezeke. Mu Novembala 1915 Albert Einstein anawerengera ndi mfundo zake zatsopano, ndipo 43 uja anatuluka ndendende.

Apa ndi pamene nkhani ya nthawi imalowera, ndipo ndikupempha muwerenge modekha, chifukwa ambiri amaiphonya.

Pofotokoza mfundo za Einstein, mabuku ambiri amajambula nsalu yotambasula, pakati pake ataikapo mpira wolemera, timipira ting'onoting'ono tikugubudukira m'dzenje. Chithunzichi chimasocheretsa, popeza timipirato timagubuduka chifukwa cha mphamvu yokoka yomweyo imene tikufuna kuifotokoza. Zimene masamu a Einstein amanena ndi izi: pafupi ndi chinthu cholemera ngati dziko, nthawi imayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kutali nacho. Kumapazi kwanu nthawi imachedwa pang'ono poyerekeza ndi kumutu kwanu. Ndipo kwa zinthu zoyenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi kuwala, monga mango, ndege kapena mwezi, kusiyana kwa nthawi kumeneku ndiko pafupifupi gwero lonse la kugwa.

Amene anayendetsapo ngolo akudziwa kuti ng'ombe ya kumanzere ikamachedwa, ya kumanja n'kumafulumira, ngoloyo imakhotera kumanzere popanda woikoka ndi chingwe. Chinthu chilichonse, ngakhale chitangokhala phee, chili paulendo wochoka lero kupita mawa. Mbali yake ya kumunsi ikamayenda ulendowo mochedwa kuposa ya kumtunda, njira yake imakhotera kumunsi. Kukhotako ndi kumene ife timati kugwa. Fanizo la ngololi silinyamula zonse za m'masamu, koma likuloza koyenera: zinthu zimagwera kumene nthawi imachedwa. Mango ali pamtengo amaletsedwa ndi kaphesi kake kutsata njira imeneyo, ndipo kakathothoka amangoitsata.

Kuwala ndi kumene kumaonetsa kuti malo nawonso amapindika. Mu 1911, akuwerengera za nthawi yokha, Einstein anapeza kuti kuwala kwa nyenyezi kodutsa m'mphepete mwa dzuwa kuyenera kukhota pang'ono. Mu 1915, ataphatikizapo kupindika kwa malo, nambalayo inawirikiza kawiri kufika tigawo ta digiri tija 1.75. Pa kadamsana wa pa 29 Meyi 1919, magulu awiri a ku Britain, lina pachilumba cha Príncipe kumadzulo kwa Africa motsogozedwa ndi Arthur Eddington, lina ku Sobral m'dziko la Brazil, anajambula nyenyezi ndipo zotsatira zinagwirizana ndi nambala yaikuluyo. Zipangizo zawo zinali zofooka ndipo anthu anakangana nazo, koma miyeso ya pambuyo pake inatsimikizira kwathunthu.

Nanga kuchedwa kwa nthawiko n'kochuluka bwanji? Tengani mawotchi awiri ofanana, ina muisiye ku Nsanje, ina mukwere nayo pa Sapitwa pamwamba pa phiri la Mulanje, mamita 3,002. Pakutha pa chaka, ya pa Sapitwa idzakhala itatsogola ndi ma microsecond pafupifupi 10. Microsecond ndi kagawo kamodzi mukaduladula sekondi m'magawo 1 miliyoni. Munthu sangazimve m'thupi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo oyeza anadekhadi.

Mu 1960 Robert Pound ndi Glen Rebka anayeza kusiyanaku m'nsanja ya mamita 22.5 pa yunivesite ya Harvard. Mu Okutobala 1971 Joseph Hafele ndi Richard Keating anagulira matikiti a ndege mawotchi anayi a atomu, n'kuzungulira nawo dziko kawiri. Polowera kum'mawa mawotchiwo anatsalira ndi ma nanosecond 59, polowera kumadzulo anatsogola ndi 273, nanosecond kukhala kagawo kamodzi pa magawo 1 biliyoni a sekondi. Chinasiyanitsa maulendo awiriwo n'choti pali kuchedwa kwa mitundu iwiri, kwina kobwera ndi kuyandikira chinthu cholemera, kwina kobwera ndi liwiro. Ndege yopita kum'mawa imawonjezera liwiro lake pa kuzungulira kwa dziko, yopita kumadzulo imachotsera. Mu 2010 asayansi a ku Boulder m'dziko la America anakweza wotchi ndi masentimita 33 okha n'kuona ikufulumira, ndipo mu 2022 gulu la Jun Ye mumzinda womwewo linayeza kusiyanako pa milimita imodzi.

Foni imene ili m'thumba mwanu imadalira zimenezi. Masetilaiti a GPS ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Chifukwa chotalikira dziko, mawotchi awo amatsogola ndi ma microsecond 45 patsiku, ndipo chifukwa cha liwiro amatsalira ndi 7, kutsala 38. GPS imapeza pamene muli powerengera nthawi imene mafunde a masetilaitiwo, othamanga ngati kuwala, atenga kuti akufikeni, ndipo pa microsecond imodzi kuwala kumayenda mamita 300. N'chifukwa chake mawotchiwo amawachedwetsa dala asanawatumize kumwamba.

Pali chitsutso china chimene ndimachilemekeza, chifukwa chimachokera kwa anthu oganiza. Amati: mwaonetsa kuti mawotchi amachedwa, koma wotchi si nthawi. Wotchi ikanyowa kapena batire likafooka imachedwanso, ndipo palibe amanena kuti nthawi yasintha. Ngakhale Louis Essen, amene anapanga wotchi yoyamba yodalirika ya atomu ya caesium mu 1955, anakhala akutsutsa mfundo za Einstein.

Yankho lake lagona pa mawu oti "onse mofanana". Wotchi yakale ya pakhoma, ya kachitsulo kolendewera, mukakwera nayo phiri imachedwa, chifukwa kukoka kwafooka. Limenelo ndi vuto la makina, ndipo wotchi ya mtundu wina silingaikhudze. Koma mawotchi a caesium, a hydrogen, a aluminium ndi a strontium, opangidwa mosiyana kotheratu, onse amafulumira akakwera, ndipo amafulumira pa mlingo umodzi. Palinso tinthu totchedwa muon, timene timabadwa m'mwamba makilomita oposa 10 pamene cheza chochokera kuthambo chagunda mpweya. Moyo wake ndi ma microsecond 2.2, wongokwanira kuyenda mamita ochepera 700, koma tambirimbiri timafika pansi. Ku CERN, malo ofufuzira tinthu ting'onoting'ono pafupi ndi Geneva, mu 1977 anatithamangitsa mozungulira ndipo moyo wake unatalika nthawi 29, monga momwe masamu ananenera. Muon ilibe giya, ilibe batire. Chilichonse chimene chimasintha, kuphatikizapo kugunda kwa mtima ndi kukalamba, chikachedwa pa mlingo umodzimodzi, mawu oti nthawi atsala ndi tanthauzo lina liti?

Komabe pali njira yolongosoka yonenera kuti nthawi yeniyeni sisintha. Hendrik Lorentz, Einstein asanatulutse mfundo zake za 1905, ankakhulupirira kuti chilengedwe chadzaza ndi chinthu chosaoneka chotchedwa ether, chimene kuwala kumayendamo monga mafunde pamadzi. Albert Michelson ndi Edward Morley atachifunafuna ku Cleveland mu 1887 osachipeza, Lorentz anati chinthu choyenda mu ether chimafupika ndipo zochitika m'kati mwake zimachedwa, pa mlingo woti ether yomweyo singaonekere konse. Masamu ake ndi a Einstein pa nkhani ya liwiro amapereka mayankho ofanana, moti palibe muyeso ungawasiyanitse. John Bell, katswiri wamkulu wa ku CERN, analemba mu 1976 kuti kuphunzitsa ana m'njira ya Lorentz kumawathandiza kumvetsa. Asayansi ambiri anaisiya chifukwa imafuna wotchi yoona imene palibe angailoze. Ine ndimaona kuti amene amaikonda sakulakwa masamu, koma asamanene kuti agonjetsa Einstein, popeza akunena zomwezo m'chilankhulo china.

Opikisana naye enieni, amene analosera nambala zosiyana, anagwa mmodzimmodzi. Gunnar Nordström wa ku Finland anali ndi mfundo zake mu 1913, zokongola ndithu, koma zinkati kuwala sikukhota. Za Alfred North Whitehead za mu 1922 zinapirira zaka pafupifupi 50, mpaka Clifford Will anaonetsa mu 1971 kuti zimalosera kusinthasintha kwa kukoka pano padziko kumene makina saona. Carl Brans ndi Robert Dicke mu 1961 anati mphamvu ya kukoka ikhoza kusintha malinga ndi malo ndi nthawi. Chombo cha Cassini chili paulendo wa ku Saturn, mafunde ake a wailesi anadutsa pafupi ndi dzuwa, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2003 zinapanikiza ganizoli mpaka linatsala losasiyana ndi la Einstein. Pa 17 Ogasiti 2017 makina a LIGO ndi Virgo, oyeza kugwedezeka kwa malo ndi nthawi, anamva mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku nyenyezi ziwiri zogundana, ndipo patangopita masekondi 1.7 kuwala kwake kunafika, zonse zitayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni. Mfundo zambiri zimene zinkati kukoka ndi kuwala zimathamanga mosiyana zinathera pomwepo.

Wina angafunse kuti ngati Einstein wapambana chonchi, ofufuza akuvutikiranji. Chifukwa funso la Newton langosuntha, silinayankhidwe. Masamu amatiuza kuchuluka kwa mmene dziko limachedwetsera nthawi, koma satiuza kuti limachita bwanji zimenezo. Komanso mfundo za Einstein sizigwirizana ndi malamulo a quantum olamulira tinthu ting'onoting'ono, ndipo pakatikati pa black hole, nyenyezi yakufa imene ngakhale kuwala sikutulukamo, masamuwo amasokonekera.

Ena amati kukoka kumanyamulidwa ndi kanthu kotchedwa graviton, monga kuwala kulili ndi photon. Richard Feynman, Steven Weinberg ndi Stanley Deser anaonetsa kuti mukayambira pa kanthu kotere, mumakafika ku masamu a Einstein omwe aja. Graviton sinaonekepo.

Ganizo limene lili ndi moyo kwambiri, kwa ine, ndi loti kukoka si mphamvu yoyambirira ayi, koma chotulukapo cha zinthu zina zozama. Mnyamata akakoka mphira wa legeni, mphirawo umabwerera. Mulibe kachingwe kobisika m'menemo. Tinthu take tatitali timakonda kukhala topiringizana chifukwa njira zopiringizana n'zochuluka kuposa njira zowongoka, ndipo kubwererako kumachokera pa kuchuluka kwa njirazo. Andrei Sakharov wa ku Russia ananena mu 1967 kuti kupindika kwa malo ndi nthawi kungakhale kofanana ndi kutamuka kotere. M'zaka za m'ma 1970 Jacob Bekenstein ndi Stephen Hawking anapeza kuti black hole imatsata malamulo a kutentha. Mu 1995 Ted Jacobson anatembenuza nkhaniyo, n'kutulutsa masamu a Einstein kuchokera ku malamulo a kutenthawo, ndipo mu 2010 Erik Verlinde wa ku Amsterdam anachita chimodzimodzi ndi lamulo la Newton. Zimenezi sizichotsa kuchedwa kwa nthawi. Zikuyesa kunena kumene kumachokera, ngakhale kuti tinthu tozamato palibe akudziwa kuti n'tiyani.

Kumene mkangano watentha ndi kumalire a milalang'amba, zimagulu za nyenyezi mabiliyoni. Fritz Zwicky mu 1933, kenako Vera Rubin ndi Kent Ford m'zaka za m'ma 1970, anaona kuti zakuthambo zimathamanga kwambiri kuposa mmene kukoka kwa zinthu zooneka kungazigwirire. Ambiri amati kuli zinthu zosaoneka zotchedwa dark matter, zochuluka kasanu kuposa zooneka, ngakhale kuti makina oikidwa pansi pa mapiri ndi m'migodi sanagwirepo kanthu kake n'kamodzi komwe. Mordehai Milgrom wa ku Israel anati mu 1983 mwina lamulo la kukoka ndilo limasintha kukokako kukafooka kwambiri, ganizo lotchedwa MOND. Limalosera bwino modabwitsa kuzungulira kwa mlalang'amba umodziumodzi, koma limalephera pa magulu akuluakulu a milalang'amba. Mu 2006, pa gulu lotchedwa Bullet Cluster, kukoka kwambiri kunapezeka pambali, kutali ndi pamene panaunjikana mpweya wotentha umene ndi gawo lalikulu la zinthu zooneka. Kumbukirani za Mercury: Le Verrier yemweyo anali atapeza kale pulaneti Neptune mu 1846 polosera chinthu chosaoneka, ndipo analondola. Pa Mercury analoseranso chosaoneka, koma chofunika chinali lamulo latsopano. Njira zonse ziwiri zinapambanapo kale.

Panopa maso ali pa nyenyezi zoyenda ziwiriziwiri koma zotalikirana kwambiri, kumene kukokana kwake n'kofooka mokwanira kuyesa ganizo la Milgrom. Chombo cha Gaia cha mayiko a ku Ulaya chinayeza zikwizikwi za nyenyezi zotere. Mu 2023 Kyu-Hyun Chae wa ku Seoul atasanthula miyesoyo anati lamulo la Newton likulephera monga MOND inanenera. Chaka chomwecho Indranil Banik ndi anzake, ngakhale iye anali wodziwika poikira kumbuyo MOND, anasanthula miyeso ya chombo chomwecho n'kulengeza kuti Newton walondola. Akusiyana pa kasankhidwe ka nyenyezi zoyenera kuwerengera, makamaka mmene angachotsere zimene zili ndi nyenyezi yachitatu yobisika imene imasokoneza liwiro la ziwirizo. Gaia inazimitsidwa mu Malichi 2025, koma zimene inayeza zimatulutsidwa m'magawo, ndipo gawo lililonse latsopano limachepetsa malo obisalamo nyenyezi yachitatuyo.